Mkwiyo Wopanda Chidindo Sufika Patali: Zomwe Taphunzira Pomenyera Chinsinsi cha Anthu pa Intaneti

Pageti la maofesi ambiri ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Mzuzu mumapeza buku lalikulu la alendo, lachikuto cholimba, cholembera chili chomangirira ku chingwe. Alonda amakuuzani kuti mulembe dzina, nambala ya foni, nambala ya chitupa cha unzika, komwe mwachokera ndi yemwe mwadzamuona. Inu muli kulemba, maso akuwerenga mizere ya anthu onse omwe alowa inu musanafike, ndipo wobwera pambuyo panu awerenganso zanu. Munthu wa foni ya kamera atha kujambula tsamba lonse alonda atangotembenuka kukatsegulira galimoto. Nanga bukulo likadzadza limapita kuti? Afunseni alondawo, akuuzani kuti sakudziwa, ndipo sakunama ayi.

Tayambira pageti chifukwa kuno kwathu nkhani ya chinsinsi pa intaneti imayambira pa pepala. Chichitikireni kalembera wa unzika mu 2017, pomwe bungwe lolembetsa nzika la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni, komanso kulembetsa ma SIM mokakamiza mu 2018, nambala imodzi yomweyo ya chitupa cha unzika ndiyo yamanga pamodzi foni yanu, akaunti ya ku banki, ndalama za pafoni, kaundula wa mavoti ndi feteleza wotsika mtengo. Wogwira nsonga ya ulusi umenewu atha kusolola juzi yonse. Akathyali omwe amaimba foni kunamizira kuti ndi a Mtukula Pakhomo, n'kukutchulani dzina lonse ndi mudzi womwe, sanachite kulota zimenezo. Anazitenga penapake.

Anthu zimawapweteka ndithu, ndipo timawaona akulemba mokwiya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Masiku atatu nkhani imakhala m'kamwa mwa aliyense. Tsiku lachinayi kwabwera za mafuta kapena za mpira, basi yazirala, chonsecho ofesi yomwe inalakwa sinalandire ngakhale pepala limodzi loti iyankhe. Zomwe talemba apazi ndi za inu amene mwatopa ndi kungodandaula, ndipo mukufuna kuti chinthu chimodzi chisinthe m'maso mwanu mukuona.

Kumbukirani makina aja anthu anawatcha a ukazitape. Bungwe la boma loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti la MACRA linagula makinawo, otchedwa CIRMS, ku kampani ya ku America ya Agilis International pa mtengo wa madola 6.8 miliyoni, ponena kuti likufuna kuyeza momwe netiweki ikugwirira ntchito komanso kudziwa ndalama zenizeni zomwe makampani a foni amapeza. Anthu ankaopa kuti makinawo azimvetsera zokamba zawo. Odandaula analipo piringupiringu, koma omwe anaimitsa makinawo ndi nzika ziwiri zomwe zinatengera nkhaniyo kubwalo lalikulu la milandu, ndipo mu 2012 bwalolo linagamula mowakomera. Bwalo la apilo linatembenuza chigamulocho mu 2014, kotero pamapeto pake MACRA ndiyo inapambana. Komabe makinawo anakhala zaka ali chigonere, ndipo bungwelo linakakamizika kufotokoza pamaso pa oweruza ntchito yomwe makinawo adzagwire. Kumayambiriro kwa 2025, patatsala miyezi kuti chisankho cha pa 16 September chichitike, kunamvekanso kuti MACRA ikugula ku kampani ya ku Ghana ya Hashcom makina a madola 1.5 miliyoni olondolera nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mabungwe omenyera ufulu analemba madandaulo awo, ndipo Malawi Human Rights Commission inayamba kufufuza. Pa nkhani ziwiri zonsezi chomwe chinagwedeza akuluakulu ndi pepala lokhala ndi dzina, tsiku ndi funso loti liyankhidwe.

Magulu atsopano amagwa poyamba pomwe chifukwa chofuna kumenya nkhondo zonse pakamodzi: makina a ukazitape, ma SIM, apolisi olanda mafoni, mabanki, makampani a kunja, zonse kuunjika m'chikalata chimodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani nkhani imodzi. Nkhani yabwino kuyambira ndi yomwe ili ndi khomo loti mukagogodepo, kutanthauza kuti pali munthu waudindo yemwe angalamule kuti zisinthe mawa lomwe. Ikhalenso ndi ndime ya lamulo yoimapo, ndi anthu enieni omwe zinawachitikira ndipo ndi okonzeka kulankhula. Kenako yesani kulemba chomwe mukufuna m'chiganizo chimodzi. Mukalemba kuti "boma lilemekeze ufulu wathu", palibe amene angadziwe tsiku lomwe mwapambana. Mukalemba kuti "ofesi yakutiyakuti isiye kulembetsa nambala ya chitupa m'buku la pageti pofika kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo inene komwe mabuku akale akusungidwa", ngakhale mwana wa sukulu atha kupita kukaona ngati zachitika.

Nkhani zoterezi zili ponseponse. Ajenti omwe amalembetsa ma SIM angapo pa chitupa cha munthu mmodzi mwini wake osadziwa. Mafotokope a zitupa omwe mumawapeza atakulungira mandasi pamsika. Makampani okongoza ndalama pafoni omwe amakopera manambala onse a m'foni mwanu, n'kumaimbira apongozi ndi abusa anu mukachedwa kubweza. Mauthenga a kampeni omwe amakupezani pafoni musanapatse chipani chilichonse nambala yanu. Sukulu ndi matchalitchi omwe amaika zithunzi za ana pa Facebook makolo asanavomereze.

Malamulo oti muwadziwe si ambiri. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula poyera kuti makalata ndi mauthenga a pa lamya asasokonezedwe. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June chaka chomwecho, ndilo limatsikira pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Limati wotenga zokhudza munthu akhale ndi cholinga chodziwika, atenge zokhazo zofunika pa cholingacho, azisunge motetezeka, ndipo asazisunge mpaka kalekale popanda chifukwa. Limakupatsani ufulu wofunsa zomwe bungwe likusunga zokhudza inu, wokonzetsa zolakwika, wopempha kuti zifufutidwe komanso wokana kuti zigwiritsidwe ntchito m'njira zina. Zinthu zikabedwa kapena kuwukhira kunja, bungwelo liyenera kudziwitsa oyang'anira lamuloli pasanathe maola 72. Mabungwe akuluakulu, omwe amasunga za anthu oposa 10,000, amayenera kulembetsa. Lamuloli lili ndi mipata pa nkhani za chitetezo cha dziko ndi kufufuza milandu, ndiye musadabwe ena akathawira pamenepo. Lachitatu ndi Access to Information Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Sindikizani ndime zomwe mukufunazo, muzilembe mzere kunsi, ndipo muziyenda nazo. Mlembi wa pa ofesi amasintha kalankhulidwe akaona kuti mwatulutsa tsamba la lamulo m'chikwama.

Musanalembe kalata iliyonse, sonkhanitsani umboni. Anthu asanu mpaka asanu ndi atatu ndi okwana kuyamba nawo. Mukachuluka kuposa apo, misonkhano imathera pa kusankha wapampando ndi msungichuma. Gulani kope limodzi, mulembemo mizere ya tsiku, malo, zomwe munthu anafunsidwa kupereka, zomwe zinachitika pambuyo pake, ndi mboni ngati inalipo. Dzipatseni milungu inayi kuti mupeze nkhani 20 kapena 30 za mtundu umodzi. Nkhani imodzi akuluakulu amati ndi ngozi chabe, koma makumi awiri zofanana sangazikane. Ngati umboni ndi uthenga wa pafoni, ujambuleni pomwe nambala yotumiza, tsiku ndi nthawi zikuoneka, ndipo uthenga weniweniwo usafufutidwe m'foni. Aliyense wopereka nkhani yake afunsidwe ngati akulola kuti dzina lake litchulidwe. Wokana mumupatse nambala m'kope, dzina lake lisungidwe pa pepala lina kwa munthu mmodzi yekha.

Apa pali msampha womwe wakola anthu ambiri amitima yabwino. Mwapeza fotokope ya chitupa cha munthu itakulungira mandasi, mwakwiya, mwaijambula n'kuiponya pa Facebook kuti dziko lione. Mwatero mwaulutsa nkhope, dzina ndi nambala ya munthu wosalakwa kwa anthu masauzande, kuposa momwe wogulitsa mandasi uja akanachitira. Bisani dzina, nkhope ndi nambala musanaonetse aliyense. Chimodzimodzi zithunzi zamaliseche zomwe wina waziwulutsa mwankhanza: kuzitumiza kwa anzanu "kuti aone zoipa zomwe zikuchitika" ndi kupitiriza nkhanzayo, ndipo lamulo likhoza kukugwirani inuyo.

Tsopano kalata. Ikhale tsamba limodzi. Pamwamba dzina lanu, momwe angakupezereni, ndi tsiku. Ilembedwe kwa mkulu wa ofesiyo potchula udindo wake. Fotokozani zomwe zinachitika m'ziganizo zitatu kapena zinayi, popanda kutukwana, popanda kunena kuti wakutiwakuti ndi wakuba ngati mulibe umboni, chifukwa mawu amodzi oterowo amawapatsa danga losiya nkhani yanu n'kuyamba kukuopsezani ndi maloya. Tchulani lamulo. Kenako mafunso oikidwa manambala, osaposa asanu: mukusunga chiyani chokhudza ine, munachitenga kuti, mukuchigwiritsa ntchito yanji, mwapatsako ndani, mudzachifufuta liti. Malizani ndi tsiku lomwe mukuyembekezera yankho, masiku 14 ndi abwino, ndi komwe mudzapite akapanda kuyankha.

Sindikizani makope awiri. Imodzi musiye, inayo mlembi adindepo chidindo cha ofesi, alembepo tsiku ndi dzina lake, mubwerere nayo kunyumba. Chidindo chimenechi ndicho mtima wa ntchito yonseyi. Kalata yopanda umboni woti inalandiridwa imasowa mosavuta, ndipo mukadzapita kukadandaula kwina funso loyamba lidzakhala loti, kodi eni akewo munawauza? Akakana kudinda, tumizani kudzera ku positi ofesi mwa rejisitala n'kusunga lisiti, ndiponso tumizani pa imelo tsiku lomwelo. Zikatero yembekezerani mayankho odziwika aja: abwana ali ku msonkhano kunyanja, fayilo ili kwa a zamalamulo, bwerani Lachinayi. Pitani kapena imbani pakatha masiku 7 aliwonse, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe m'kope, tsiku ndi yemwe mwalankhula naye. Nthawi zina amakuimbirani mwaulemu kwambiri kuti nkhaniyo ithere pafoni. Amvereni bwinobwino, athokozeni, kenako tsiku lomwelo lembani kakalata kakafupi konena kuti malinga ndi zomwe tinakambirana lero, mwalonjeza zakutizakuti pofika tsiku lakuti. Lonjezo la pakamwa limauluka ndi mphepo, koma likalembedwa ndipo iwo osatsutsa, lasanduka umboni.

Anthu 20 aliyense atatumiza pempho lakelake mlungu umodzi, ofesi imamva kulemera kuposa kalata imodzi yosainidwa ndi anthu 20, chifukwa aliyense ayenera kuyankhidwa payekha. Koma musangochita fotokope kalata imodzi n'kumasintha mayina. Aliyense alembe zomwe zinamuchitikira iyeyo. Musaidelere njira imeneyi. Max Schrems, ali wophunzira zamalamulo ku Austria, mu 2011 anangopempha Facebook kuti imuonetse zomwe ikusunga zokhudza iye, ndipo analandira masamba oposa 1,200, muli ndi zinthu zomwe iye anali atafufuta kale. Nkhondo yomwe inayambira pa pempho limenelo inafika mu 2015 pomwe bwalo lalikulu la European Union linathetsa mgwirizano wa Safe Harbour, womwe unkalola makampani kutumiza za anthu a ku Ulaya kupita ku America.

Ngati nkhani yanu ndi ya makina kapena kaundula wa boma, chida chake ndi Access to Information Act. Apa ambiri amalakwitsa popempha maganizo m'malo mwa zikalata. Funso loti "n'chifukwa chiyani mukutizonda?" aliyankha ndi mawu okoma a mneneri wa bungwe. Pemphani chinthu chogwirika: kope la kontirakiti, mtengo wake, ndondomeko yomwe inatsatidwa pogula, maudindo a anthu omwe ali ndi chilolezo cholowa m'makinawo, nthawi yomwe zinthu zimasungidwa, ndi lipoti la kauniuni woona chiopsezo pa chinsinsi cha anthu ngati anachita. Pempho lipite kwa ofisala yemwe bungwelo linamuika kuti aziyankha zopempha zotere. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni. Akakana ponena za chitetezo cha dziko kapena chinsinsi cha malonda, apempheni alembe chifukwa chake ndi ndime yomwe aimapo, ndipo akupatseni zigawo zotsala zomwe sizikukhudzidwa. Mtengo wa makina ogulidwa ndi misonkho si chinsinsi cha asilikali. Akaumirira, pemphani mkulu wa bungwelo aunikenso, kenako pitani ku Malawi Human Rights Commission, yomwe ndiyo imayang'anira lamuloli, ndipo pambuyo pake kuli khoti.

Funso la lipoti la kauniuni lija musalisiye. Ku Kenya, bungwe la Katiba Institute linapambana mlandu mu October 2021 pomwe bwalo lalikulu linaimitsa kugawa makhadi a unzika otchedwa Huduma chifukwa boma linali lisanachite kauniuni yemwe lamulo lawo la 2019 limafuna. Sanapambane ndi mfundo zazikulu za ndale. Anangoonetsa kuti sitepe imodzi yolembedwa m'lamulo inadumphidwa.

Madandaulo a pansi pa Data Protection Act amapita ku MACRA, chifukwa lamulolo linapereka udindo woyang'anira ku bungwe limeneli. Ife tikuona kuti apa pali vuto lalikulu, ndipo sitibisa. Bungwe lomwe limalamula kulembetsa ma SIM, lomwe limagula makina olondolera anthu, lomwe bodi yake imasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndilonso lopatsidwa ntchito yoteteza chinsinsi chathu. Wodandaula za kampani ya ngongole kapena ya foni angathandizike, koma wodandaula za MACRA yomweyo akagogode kuti? Ngati gulu lanu likufuna nkhani ya ndale yoti liigwire zaka zingapo, kufuna kuti pakhale ofesi yoima payokha ndi nkhani yoyenera. Pakadali pano, pitanibe ku MACRA ndi madandaulo anu, mudinditse, musunge makope. Madandaulo oyankhidwa ndi phindu kwa anthu, osayankhidwa ndi umboni woti ofesi yoima payokha ikufunika. Ngati wolakwa ndi ofesi ya boma, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo kwaulere.

Khoti ndi njira yamphamvu koma yodula, ndipo ili ndi nthawi yake. Pempho loti bwalo liunikenso chiganizo cha boma limayenera kulowa pasanathe miyezi itatu chiganizocho chitapangidwa. Magulu ambiri amathera miyezi imeneyo pa misonkhano ya atolankhani, pofika kwa loya nthawi itatha. Onanani ndi loya mwezi woyamba womwewo, ngakhale musanatsimikize zosuma. Funsani ku Legal Aid Bureau, ku Malawi Law Society, kapena ku mabungwe omenyera ufulu monga CHRR ndi MISA Malawi ngati nkhaniyo ikukhudza atolankhani. Wosuma akhale munthu yemwe nkhaniyo yamukhudza mwachindunji, ndipo auzidwe poyera kuti akaluza khoti likhoza kumulamula kulipira ndalama zomwe mbali inayo yaononga.

Ku Nyumba ya Malamulo ntchito yeniyeni imachitikira m'makomiti. Komiti yoona za mauthenga ndi kufalitsa nkhani ndiyo imaunika mabilu a mtundu umenewu, ndipo khomo lake ndi kalaliki wa komitiyo. Aphungu sawerenga malipoti a masamba 40. Apatseni masamba awiri: nambala ya ndime, zomwe ikunena, momwe ingapwetekere munthu wa ku dera lawo, ndi mawu enieni omwe mukufuna alowe m'malo mwake. Phungu akapatsidwa mawu okonzakonza atha kuimirira n'kuwawerenga m'Nyumba, koma akangouzidwa kuti biluyo ndi yoipa amagwedeza mutu basi. Malamulo a Nyumbayo amati bilu idikire masiku 28 isanakambidwe, koma aphungu amatha kuvomerezana kuchotsa masiku amenewa, bilu n'kudutsa mlungu womwewo. Ndiye mukangomva kuti unduna ukukonza bilu yokhudza intaneti, pemphani kope nthawi yomweyo, mfundo zanu zikhale zokonzeka bilu isanafike.

Chonde, nsalu ya chipani muisiye kunyumba. Makina a CIRMS anagulidwa nthawi ya Bingu wa Mutharika, milandu yake inapitirira nthawi ya Joyce Banda, n'kudzayamba kugwira ntchito nthawi ya Peter Mutharika, ndipo za Hashcom zinabwera nthawi ya Lazarus Chakwera. Otsutsa a lero amadana ndi makina oterewa mpaka tsiku lomwe alowa m'boma. Gulu likangodziwika kuti ndi la mbali imodzi, theka la anthu omwe akanalithandiza amachoka, ndipo mafunso ake amayankhidwa ndi chipongwe m'malo mwa zikalata.

Polankhula ndi anthu, samalani ndi mawu oti "data". Kwa Amalawi ambiri data ndi bando ya intaneti, moti mukanena kuti mukumenyera chitetezo cha data, omvera aganiza kuti mukukamba za mitengo. Nenani za chitupa, za nambala ya foni, za agogo omwe anaberedwa ndalama pafoni ndi munthu wowadziwa dzina. Wina akanena kuti "ine ndilibe chobisa", mufunseni ngati angalole kuti zotsatira zake za ku chipatala ziwerengedwe pa maliro, kapena kuti malipiro ake alembedwe pa bolodi ya ku tchalitchi. Wailesi za m'madera, makamaka mapulogalamu oimba foni, zimafika komwe Facebook sifika, ndipo pulogalamu imodzi imatha kukubweretserani nkhani zatsopano za m'kope lanu lija. Mtolankhani mukamuitana, mupatseni kalata yodindidwa, chiwerengero cha nkhani zomwe mwatolera, ndi munthu mmodzi wovomera kulankhula. Akatero ali ndi chokafunsira mbali inayo.

Za chitetezo cha gulu lenilenilo tichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe anthu amapwetekera. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lakhala likugwiritsidwa ntchito kumanga anthu pa zomwe analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa yemwe anamupatsa nkhani. Mu February 2024 analandanso zipangizo za atolankhani a ku MBC oposa khumi pofufuza tsamba lina la pa Facebook. Foni ikalandidwa, zomwe zili m'menemo si za mwini wake yekha. Muli mayina a mboni zanu zonse. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

WhatsApp imabisa uthenga pamene uli pa ulendo, koma siingaletse membala wa gulu kujambula zomwe mwalemba n'kukazipereka kwina, ndipo anthu ambiri omwe alowa m'mavuto alowera njira imeneyi. Choncho khalani ndi magulu awiri: lalikulu la zolengeza, momwe simulembamo chilichonse chomwe simungachinene pa wailesi, ndi laling'ono la anthu odziwana maso ndi maso. M'gulu laling'onolo yatsani mauthenga ozimirira okha pakatha masiku 7, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu ina yotumizirana mauthenga mobisika yotchedwa Signal. Aliyense aike nambala yachinsinsi ya manambala 6 yotsimikizira akaunti ya WhatsApp, kuti wina akaba SIM asalowe. Zosungidwa za WhatsApp pa Google Drive zimakhala zosabisika mokwanira pokhapokha mutayatsa nokha chitetezo chake m'makonzedwe a foni. Foni itsekedwe ndi nambala yaitali, osati chala kapena nkhope, chifukwa chala munthu atha kuchigwira mokakamiza n'kuchiika pa foni. Kope la umboni ndi makalata odindidwa zikhale ndi makope kwa munthu wachiwiri, nyumba ina. Aliyense aloweze pamtima nambala ya loya kapena ya mnzake mmodzi. Apolisi akabwera kudzatenga foni, funsani mwaulemu kuti muone chikalata cha khoti chowaloleza, werengani zomwe chatchula, ndipo pemphani kuti zomwe atengazo zilembedwe. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa womangidwa ufulu wokhala chete, wokumana ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48. Mukakayikira kuti foni kapena akaunti yalowedwa, bungwe la Access Now lili ndi anthu othandiza omenyera ufulu pa nkhani zotere kwaulere.

Chikalata chosainitsa anthu nachonso ndi kaundula. Mukasonkhanitsa mayina, manambala a zitupa ndi mafoni a anthu 500 n'kukasiya pa ofesi yomwe mukuidandaulayo, mwachita chomwe mukutsutsa. Dzina, dera ndi siginecha n'zokwana. Auzeni osainawo komwe pepalalo lipite, ndipo manambala a foni a omwe akufuna kumva zotsatira alembedwe pa pepala lina lomwe silichoka m'manja mwanu.

Zionetsero zili ndi malo ake, koma zibwere makalata atakanika, osati poyamba. Lamulo la Police Act limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma lanu polemba, kusanatsale maola ochepera 48, kope lipite kupolisi. Anthu 30 oyenda mwabata kukapereka chikalata chokhala ndi makope a makalata atatu osayankhidwa amasiya chinthu cholemera pa tebulo la DC. Khamu lopanda pepala limangosiya fumbi.

Abale athu a ku Zambia ali ndi Data Protection Act ya 2021. A ku Johannesburg ndi Cape Town ali ndi lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la POPIA ndi ofesi ya Information Regulator. A ku Britain atha kupempha bungwe lililonse kuti liwaonetse zomwe likusunga zokhudza iwo, liyankhe pasanathe mwezi umodzi, ndipo likakana akadandaule ku ICO, ofesi yoyang'anira lamulo la chinsinsi kumeneko. Amene muli kunjako mungathandize magulu akumudzi ndi ndalama ya fotokope, ya thiransipoti ndi ya loya, koma osawakankhira kutsogolo kuti alankhule mawu omwe inu simudzamangidwa nawo.

Ofesi ikadzakuyankhani kuti yavomera kusintha, musathamangire kulengeza chipambano. Pemphani kuti lonjezolo lilembedwe, likhale ndi tsiku. Pakatha mwezi umodzi, tumizani munthu yemwe sakumudziwa akalowe ngati mlendo wamba, aone ngati buku la pageti lasinthadi, ngati mzere wa nambala ya chitupa wachotsedwa, ngati tsamba la alendo ena likubisidwa. Alonda muwalankhule mwaulemu, iwo amangotsatira zomwe anauzidwa, ndipo kawirikawiri ndi omaliza kumva kuti lamulo lasintha. Zomwe mwapezazo zilembedwe m'kope. Ngati zinthu zili momwe zinalili, kalata yachiwiri ipite mlungu womwewo, kope la lonjezo lawo lija litamatidwa kumbuyo kwake, ndipo kope lina lipite ku MACRA.